Jakisoni Wachitatu

Jakisoni wachitatu ndinabayitsa Lachiwiri, koma pofika Lachinayi mkono unali ukadali wolemera. Ku saluni komwe ndimagwira ntchito ndinaluka mitu itatu ndili chiimire, dzanja lamanzere likukana kukwera. Abwana anandifunsa ngati ndinaugonera mkonowo, ine n'kuvomera. Iwo sadziwa kuti ndinabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo zofotokoza za katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndinalibe nazo mphamvu.

Amene amadziwa zonse ndi chibwenzi changa, makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa saluniyo. Iye alibe kachilombo. Masana a tsikulo tinakhala pabenchi, iye n'kusolola kabuku kanga ka kuchipatala m'chikwama, manja ali girisi yekhayekha, n'kuyamba kuwerenga madeti.

"Atatu onse akwana," anatero. "Basi, makondomu tipume nawo."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Iwe wemwe. Unati kachilombo sikakuonekanso m'magazi, sungandipatsire. Pano wabayitsanso wa khansa. Chatsala n'chiyani choti tiziopa?"

Kunena zoona, maganizo amenewo nanenso ndinali nawo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sindikumbukira tsiku lomwe linadutsa osameza piritsi. Ndinkangofuna chinthu chimodzi choti ndiloze n'kunena kuti ichi chokha chatha.

Patatha milungu itatu linakwana tsiku lokatenga mankhwala. Ndinakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka matako kuchita dzanzi. Anesi a pamenepo anandidziwa ndili wa yunifolomu ya pulayimale. Atandipatsa mabotolo anga anatsegula kabuku kaja.

"Khomo la chiberekero sunayezetsepo, mwanangu. Lowa chipinda chachiwiricho."

"Koma amayi, ndinabayitsa. Onse atatu."

Anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Nawonso ankaoneka kuti chiyambire m'mawa sanakhale pansi.

"Ndiwe wachinayi lero kundiuza zimenezo. Katemerayu amatchinga mitundu ingapo ya HPV, osati yonse, ndipo ngati kachilomboko kanalowa kale sakachotsa. Chindoko sachidziwa, chinzonono sachidziwa. Mimba ndiye usachite kufunsa."

"Ndiye ndinavutikiranji?"

"Sunavutike pachabe. Koma thupi lokhala ndi HIV limachedwa kukathamangitsa kachilombo ka HPV, n'chifukwa chake timakuyezanibe. Lowa, mzere ukukula."

M'chipindamo munali bedi lokwezeka la pulasitiki wozizira ndi nyale ya khosi lalitali. Ndinagona n'kumawerenga matayilosi a kudenga pamene mayi wina wachilendo, wovala magulovesi, ankandipaka viniga mkati.

"Pali kachigamba kakang'ono koyera," anatero mayiyo. "Si khansa. Koma tikakasiya, pakapita zaka kakhoza kusanduka. Tikawotche lero lomwe?"

Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Sizinatenge nthawi, m'mimba munangopota ngati ndili kumwezi. Anandiuza kuti ndikhale mwezi wathunthu osagonana ndi mwamuna, ndipo chaka chamawa ndidzabwerenso. Deti lina m'kabuku, pansi pa madeti ena onse.

Ku saluni sindinabwerere. Ndinapita kugalaja, n'kumupeza ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Ndinagogoda nsapato yake ndi phazi, iye n'kutuluka chagada. Ndinamuuza zonse ndili chiimire, mmene anandiuzira anesi.

"Mwezi wathunthu?" anafunsa.

"Wathunthu. Ukatha, makondomu ali pomwepo."

"Nanga majakisoni aja anali a chiyani?"

"Ukawafunse wekha. Ine zofotokoza ndatopa nazo."

Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena ayamba nthabwala zake zija. Anangokhala pansi pa simenti, akuzunguza sipanala m'manja, maso ali pa mabotolo amene ankaonekera m'chikwama changa.

"Amuna amawalola kulowa nawo?"

"Amalola. Koma mzere wake si wamasewera."

"Ukandiuze tsiku. Sindikulonjeza kuti ndikamvetsa zonse."

Anadzuka n'kukoka mpando wakale wa galimoto womwe amakhalira akamadya, n'kuupukuta ndi kansalu kamene kanali kakuda kuposa mpandowo. Ndinakhalapo chomwecho. Iye analowanso pansi pa galimoto, ndipo zitsulo zili gwegwede choncho ine tulo tinandiba.