Ambulansi ya Riboni Yofiira

Gerevazio ndiye adapaka laimu miyala yonse ya m'mbali mwa msewu wopita kukachipatala ka kwawo, kuseri kwa Lobi. Masiku awiri athunthu, mwaulere, kachewere wake akudikira khasu kudimba. Ankati kukubwera nduna kudzapereka ambulansi yatsopano, ndiye munthu wa mu mpingo ngati iye akadakana bwanji?

M'mawa wa tsiku la mwambolo mkazi wake Alile adabereka mwana wamkazi. Mwana adalira bwinobwino, koma magazi a mayi sadaleke. Namwino, mayi Tiwonge, adali yekhayekha, ndipo mankhwala oletsa magazi adatha kale mu Epulo.

"Bambo, apa mpofunika kuchipatala chachikulu, kuboma," adatero namwinoyo. "Panopa, osati madzulo."

Ambulansi idali pompo pabwalo. Yoyera mbee, matayala opukutidwa, riboni yofiira atamanga kutsogolo. Gerevazio adathamangira kwa a George, mkulu wokonza mwambo, navula chipewa, nawerama, manja kumbuyo.

"Pepani bwana, mayi akunyumba akutaya magazi. Mwina galimotoyi ingatithandize."

"Siidaperekedwe," adayankha a George, maso ali pa mipando. "Mukufuna anduna adzadule riboni pabwalo lopanda kanthu? Afika teni koloko. Pirirani pang'ono, mlendo ndi mame."

Ndipo Gerevazio adati, "Zikomo bwana."

Zikomo! Apa ndiye powawa. Adaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa kawiri, ndipo ulemu umenewo udamumanga kuposa chingwe. Bambo wa manja ogwetsa bulugamu, kulephera kansalu kofiira!

Teni idakwana. Thwelofu idadutsa. Ana a sukulu adandanda ndi timbendera, mphepo ya Juni ikuwalasa m'miyendo. Gerevazio adayesa kufuna galimoto ina, koma apolisi adatseka msewu chim'mawire, kuti fumbi la amphawi lisadetse miyala. Namwino adakachonderera a George kawiri, misozi ili m'maso. Phindu lake adangomuuza kuti asunthire wodwalayo kukachipinda ka kuseri, anduna asaone magazi.

Kumeneko Alile adagwira dzanja la mwamuna wake.

"Abambo, ndikumva kuzizira. Galimoto ija yabwera?"

"Ilipo, mayi. Atsala pang'ono kutipatsa."

Adavula jekete namufunditsa. Adachita mantha kwambiri, ndi manyazi omwe, chifukwa adadziwa kuti wanena zoona zopanda ntchito.

Anduna adafika itadutsa thuu koloko, pa magalimoto khumi ndi imodzi. Mafuta a amenewo sasowa ayi. Padali pemphero, padali magule, padali mawu a uyu ndi mawu a uje, aliyense kuyamba ndi kulonjera maudindo onse mmodzimmodzi. Kenako anduna adaima nalengeza pa chimkuzamawu kuti kuyambira lero palibenso mayi adzafe pobereka m'dera lino. Nthungululu zidamveka mpaka kukachipinda kaja.

Alile adatsirizika pamene akuluakulu ankafunsana kuti sizasi ili ndi yani.

Riboni itadulidwa, zithunzi zitajambulidwa, alendo atapita kukadya, Gerevazio adabwereranso kwa a George. Ulendo uno chipewa sadavule.

"Yaperekedwa tsopano. Itiperekeze kumudzi."

"Aa, pepani kwambiri ndi zovutazi," adatero a George motsitsa mawu. "Komatu ambulansi yatsopano sinyamula maliro, bambo. Ndi ya odwala."

Gerevazio adabwereka ngolo ya ng'ombe kwa mnzake wa mu limana, kagulu kawo ka kumpingo, nagonekamo thupi la Alile. Namwino adatsagana nawo mpaka pachipata, nampatsa khandalo atalikulunga mu jekete lomwe lija. Ngolo idayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala yoyera, mbali iyi ndi mbali iyo, yonse yopakidwa bwino, wosaphonya ndi umodzi womwe. Mwana adayamba kulira njala. Gerevazio adamuika chala pakamwa kuti atonthole, nachichotsanso msanga. Laimu adali asanachoke m'zikhadabo zake.