Kiyi Wapita ndi Mwini Wake

"Ndikufunsanso, kiyi ali kuti?" anatero a Greyson, dzanja lili pa chitseko cha galimoto.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Benedicto, ndipo abale anali atangotha kumeta. Stelia, mkazi wa malemuyo, anakhala pamphasa pakhonde, mutu ukumva mphepo pansi pa duku. Pikapu yoyera imene mwamuna wake ankanyamulira matola kuchokera ku Mlonyeni kupita pa Boma ndi kuboda inali pansi pa mtengo wa mango pomwe anaisiya tsiku limene anadwala. Abale anali atasanthula nyumba yonse, mpaka m'zitini za mchere, koma kiyi osaoneka.

Kenaka mmodzi wa adzukulu amene anasambitsa mtembo anatsokomola, maso ali pansi.

"Powaveka jekete lija ndinamva kanthu kolimba m'thumba lam'kati. Ine ndimayesa ndi korona, ndiye ndinangokasiya kuti apite nako."

Ena anagwira pakamwa, ena anayang'ana kumbali kubisa kuseka. Manda safukula chifukwa cha kiyi, aliyense ankadziwa. Koma a Greyson, mkulu wake wa malemuyo, nkhope yawo inawala ngati awauza kuti fodya wakwera mtengo.

"Mwamva nokha, amalume. Mng'ono wanga watenga kiyi wake. Akanafuna kuti galimoto itsale pano akanamusiya. Panopa ichi ndi chitsulo chabe. Loweruka ndibweretsa thalakitala, ndiikokere kwathu ku Kachebere, amakaniko a ku Chipata akaone chochita."

Stelia anadziwa tanthauzo lake. Zimene zapita ku Chipata kukaonedwa sizibwerako. Galimotoyo ndi imene inkaphunzitsa Luwiza, mwana wawo, amene chaka chimenecho cha 1999 anali atangoyamba fomu 2. Ikachoka pabwalopo, sukulu ya mwanayo ichoka nayo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "nanga ikalira?"

"Ilira ndi chiyani? Ndi supuni?"

Amalume a malemuyo, mkulu wosakonda zolimbana, anaganiza kuti apeza pothawira. Anagamula kuti thalakitala ikadzafika galimoto isanalire, a Greyson aitenge. Ikalira ndi kuyenda yokha, ndi ya mwana ndi mayi ake. A Greyson anavomera mwachangu, akumwetulira. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa mwake Stelia analowa m'galimotomo kudzera chitseko chakumanzere, chimene chinali chosakhoma. Ndi nsonga ya mpeni anamasula chikuto cham'kati, napisa dzanja mpaka kudzicheka chala, natulutsa loko wa chitsekocho. Anamukulunga m'kansalu, nakwera matola a munthu wina. Woyendetsayo anali mnzake wa Benedicto, ndipo ulendo wonse analankhula za malemuyo, moti Stelia anafika pa Boma maso atafiira.

A Amin ankadula makiyi pakhonde la sitolo yawo, kuseri kwa msika. Anali munthu wochepa thupi, wa kapusi koyera ndi magalasi omangidwa ndi waya. Anapepesa maliro, namvetsera nkhani yonse, ndipo pofika pa korona uja anagwedeza mapewa kuseka mwakachetechete.

"Pepani mayi, musandione ngati wopanda chisoni. Koma a Benedicto ndi kiyi wawo! Ankam'sunga kuposa mano."

"Kodi n'zotheka kudula wina, woyambayo palibe?"

"Loko amakumbukira kiyi wake, mayi. Timangofunsa iyeyo."

Anam'phwasula lokoyo pa nyuzipepala, nayala timapini take motsatana, ena aatali, ena aafupi. Anatenga kiyi wosadula, nayamba kum'pala ndi tupa, kuyeza, kupalanso. Patatha maola awiri lokoyo anatembenuka m'manja mwawo. Stelia anafuna kululuta, koma anakumbukira kuti ndi namfedwa.

Chimwemwecho chinatha atafika kunyumba. Kiyi analowa bwinobwino poliza galimoto, koma kutembenuka anakana. Anayesa mofatsa, anayesa mwamphamvu, anapemphera, osatheka. A Greyson, amene ankaonerera ali pampando wa ndalema, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, musavutike. Wakufa sam'kakamiza."

Apo Stelia anachita mantha zedi. Anatumiza uthenga kwa a Amin kudzera mwa woyendetsa matola uja, osadziwa ngati munthu wa sitolo angatseke malonda ake chifukwa cha mayi wamasiye wa kumudzi.

Loweruka thalakitala inafika dzuwa litangokwera pang'ono, ikufuka utsi, ana akuithamangira. Anyamata anayamba kumasula tcheni. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira, ndipo a Amin anatsika, thalauza atam'pana ndi zopanira zovala, kachikwama ka zida kali kumbuyo.

"Mwachedwa, achimwene," anatero a Greyson. "Thalakitala yafika."

"Tcheni sichinamangidwe," anayankha amalume, amene tsopano nkhaniyi inali itayamba kuwakomera. "Asiyeni ayese."

A Amin anapempha kandulo. Anthu anayang'anana, kandulo masana? Anayatsa, nam'psereza kiyiyo pamwamba pa lawi mpaka anada bii ndi mwaye. Anam'lowetsa, nam'gwedeza pang'ono, nam'tulutsa. Pa dzino lachiwiri mwaye unali utachoka, chitsulo chikuwala.

"Ndi apa akukana," anauza Stelia. "Loko wa chitseko chija sanagwire ntchito kwambiri, koma uyu wakhala akutembenuka zaka khumi. Wakalamba mwa njira yake."

Anapala katatu kokha ndi tupa, napserezanso, nayesanso. Osatheka. A Greyson anakodola anyamata kuti amange tcheni. A Amin sanatembenuke n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bamboyu kudekha anali nako kogulitsa. Kachitatu mwaye unachoka pansonga. Kachinayi anatulutsa kiyiyo, nam'pukuta pa malaya, natsika m'galimoto.

"Mayi, bwerani. Si ine woyenera kuiliza."

Stelia anakhala pampando. Anapotoza. Nyale zofiira zinayaka, injini inatsokomola kawiri ngati nkhalamba yodzuka kutulo, kenaka inalira, mtengo wa mango n'kuyoyoka masamba ndi utsi. Amayi amene anatsala pasiwa anaiwala kuti pamudzi pali maliro, nthungululu inamveka mpaka kuchigayo. Luwiza anakumbatira a Amin, chipewa chawo chija n'kugwa.

A Greyson anadikira phokosolo lithe. Anali ndi muvi wina m'phodo.

"Kulira yalira, sitikukana. Koma amalume munati iyende. Ayendetse ndani? Pakhomo pano palibe mwamuna. Kapena mulemba dalaivala woti aigwetsere m'dambo?"

Funsolo linali ndi mano. Amalume anakanda mutu wawo wometawo. Stelia yekha ndiye sanadandaule. Anawerama, napisa dzanja pansi pa mpando, natulutsa kapilo kopangidwa ndi thumba la feteleza, kodzaza ndi nsanza, kosokedwa ndi ulusi wa matumba a fodya. Masokedwe ake anali oipa, okhotakhota, oonekeratu kuti ndi dzanja la mwamuna wosadziwa singano.

"Bambo a Luwiza anasoka okha," anatero, akukasasa fumbi. "Ankati ndine wamfupi, sindiona msewu. Lamulungu lililonse tikati tapita kudimba, timapita ku bwalo la mpira la ku sukulu kuti akandiphunzitse kuyendetsa. Ankati tsiku lina adzatopa, ndipo safuna galimoto yake idzasowe mwini."

Anaika kapiloko pampando, nakhalapo, mutu wake n'kutulukira bwino pamwamba pa chiwongolero. Anaponda, nalowetsa giya, ndipo pikapu inabwerera m'mbuyo mosamala, n'kuizungulira thalakitala ija osaikhudza. Pofika pamsewu anaima, natulutsa mutu pazenera.

"A Amin, kwezani njinga kumbuyoko, ndikakutuleni. Alamu, ngati mukulowera ku Kachebere, malo alipo."

A Greyson anatembenuka, nalunjika kuthalakitala. Stelia anasisita kapilo kaja pamene ulusi unatulukira, naubwezera m'kati ndi chala, kenaka anayamba ulendo wa pa Boma.