Disiki Yakale pa Mtsetse wa ku Kyela

Mama Gwakisa sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Ngakhale bokosi loikamo mwamuna wake anachita kunenerera mpaka kalipentala anatukwana. Ndiye pamene Kibona, makaniko wa ku Tukuyu, anagulula matayala akutsogolo a pikapu ya mayiyu n'kunena kuti pakufunika mapadi a mabuleki ndi madisiki ake omwe, mayiyo anangoseka.

"Akulira ndi mapadi. Ndabwerera mapadi basi."

"Mama, tabweretsani chala." Kibona anamugwira dzanja n'kuliyendetsa pa disiki. Inali mizeremizere ngati munda wolima kale. "Yatha iyi, yapyapyala ngati chapati. Padi yatsopano ndi yosalala, izingogwira pamwamba pa mizereyi. Zikatentha simuima."

"Chitsulo n'kutha? Iwe Kibona, mimba yakoyo ndiye yosakhuta."

"Chabwino. Nanga mapadi ake ati? Awa ndi abwino, amapirira moto wa pamtsetse. Awa..."

"Otchipawo."

Kibona anamanga, kenako anaitanira pambali Gwakisa, mwana wa mayiyo amene ankayendetsa galimotoyo. "Mphwanga, masiku awiri uyende wopanda katundu. Uziponda pang'onopang'ono, mapadi azolowerane ndi disiki."

Gwakisa anavomera, koma maso ali kwa amake. Anali bambo wa ndevu zake, wa mkazi ndi khanda kunyumba, komanso mwana yekhayo amene anatsala mwa anayi. Chikhalirecho anali asanawatsutsepo amake.

M'mawa mwake Mama Gwakisa anapakiza mikoko ya nthochi mpaka pikapu inakhala pansi.

"Amayi, Kibona anati..."

"Nthochi zidikire mapadi azolowere? Ndi akwati? Liza tizipita."

Msewu wa ku Kyela ndi wotsetsereka basi, makona okhaokha. Atadutsa minda ya tiyi mayiyo anamva fungo ngati la mphika wopserera.

"Chikupsa n'chiyani?"

Gwakisa anangoti maso pamsewu. Mwendo wake unkaponda buleki, kudzuka, kupondanso. Thukuta linali kamukamu pakhosi, kunja kukuzizira chotero.

"Ndikulankhula ndi iwe!"

"Amayi, gwirani zolimba."

Mawu amenewo mayiyo sanawakonde. Anayang'ana pansi n'kuona phazi la mwana wake litafika pansi penipeni, koma mitengo ikungothamangabe. Kutsogolo kunali lole ya thanki ya mafuta ikukwawa pakona. Kumanja, kuseri kwa msewu, phompho. Anafuna kupemphera koma m'mutu munangobwera nkhope ya khanda lija, ndi mpongozi wake ataima pakhomo akufunsa kuti mwamuna wanga mwamusiya kuti.

Gwakisa anakankha giya. Inakana, kulira ngati akuipha. Anakankhanso, inalowa, injini n'kukuwa. Anayamba kukoka handibuleki pang'ono, kusiya, kukokanso. Thanki ija inakula mpaka mayiyo ankaona matope a pa nambala yake. Pamenepo Gwakisa anakhotetsera kumanzere n'kukhulitsa galimoto kuchipupa cha dothi. Galasi la mbali ya amake linathyoka, mikoko inagubuduka, dothi linalowa pawindo. Pikapu inakwekwereza, n'kuima.

Kunangoti zii.

Mayiyo anatulukira khomo la dalaivala. Matayala akutsogolo ankafuka utsi. Anakumbuka malemu mwamuna wake ndi anzake a malole, mmene ankathirira madzi m'matayala akaima pamtsetse. Anasolola chigubu cha madzi kuseri kwa mpando.

"Amayi, ayi!"

Anali atakhuthula kale. Nthunzi inamuwomba kumaso, kenako chinthu chinalira mkati mwa tayala, pha!

Gwakisa anagwada, nasuzumira nthawi yaitali. "Disiki yang'aluka. Kuchokera m'mphepete mpaka pakati."

Anadzuka n'kuyamba kutola mikoko mumsewu. Mkoko umodzi unamupulumuka kawiri.

"Makona atsala ochepa," anatero osawayang'ana amake. "Ndikhoza kutsika ndi giya wani. Ogula akudikira."

Mama Gwakisa anamuyang'anitsitsa. Mwanayu sankafuna kutsika, milomo yake inali itachita kutuwa. Ankanena zimenezo chifukwa ankadziwa pakamwa pa amake. Phompho analiona ndi maso ake, koma ankaopabe amakewo kuposa phompholo.

Mayiyo analowa m'galimoto, anazula makiyi, nawamanga pa nsonga ya chitenje mfundo ziwiri.

"Siya nthochizo. Khala pansi apo."

"Zipsa ndi dzuwa."

"Zipse! Ndati khala pansi."

Anatulutsa foni pachifuwa. Anapeza dzina la makaniko uja n'kuimba.

"Kibona, tenga njinga yamoto. Madisiki awiri atsopano, ndi mapadi abwino aja. Tili kumunsi kwa minda ya tiyi."

"Ehe, chitsulo chatha kodi? Komatu Mama, mtengo wake ndi..."

"Sindinakufunse mtengo."

Apa nthabwala zinamuthera Kibona.

"Mama, Gwakisa ali moyo?"

Mayiyo anayang'ana mwana wake atakhala paudzu, mutu uli pakati pa mawondo. Anapita kukaima pakati pa iye ndi msewu.

"Alipo. Fulumira, koma usathamange pamtsetsepo."