Mauthenga a Valdemar

Telefoni ya amayi inaliranso m'mawa wachitatu chimuikireni Valdemar. Rita, mlongo wa malemu, anawawerengera uthenga umene unabwera m'dzina la Valdemar: "Mawa kugwa mvula. Musapopere kachewere lero."

"Mayo ine! Mwana wanga sanagone," anatero amayi, nakankhira telefoniyo pansi pa mphasa.

Alimi a ku Domwe nawonso anali kulandira mauthengawo, ndipo pamsika anthu anali atayamba kale kunong'ona za banja lino.

Amalume a Martinho anatulutsa komputadoro ya malemu naiika pa tebulo. "Tinaizima, tinaitsekera m'sutikesi. Nanga akulemba ndani? Iwe Rita unaphunzira ku Tete, tiuze."

"Sizichokera umu, amalume. Achimwene anabwereka makina ena kutali. Iyi ndi khomo chabe."

"Kutali kuti? Ku Maputo?"

"Kaya. Si makina oti mungawagwire ndi manja."

"Ndiye ndi mzimu umenewo!"

Kunena zoona, Rita nayenso zinkamuzunguza mutu. Anayatsa komputadoro, pagalasi panada bii, kamzere koyera kakuphethira. Anadina kabatani koloza m'mwamba, ndipo mawu omaliza amene Valdemar analemba anabwerera okha. Anadina kabatani kena, nalowa m'makina akutali aja.

Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Munali manambala okhaokha: mvula ya zaka zisanu ndi chimodzi, mudzi ndi mudzi, ndi matelefoni a alimi mazana anayi.

"Zima zimenezo," anatero amalume. "Anthu atiyesa afiti."

"Ndikazima, sindidziwa kuziyatsanso. Chiwawu chikagwa m'minda adzawachenjeza ndani?"

"Nanga amako azilira m'mawa uliwonse?"

Rita anayang'ananso pagalasi. Anati angochotsa nambala ya amayi yokha, zinazo aziona bwino. Anatsika mndandanda pang'onopang'ono mpaka anaipeza. Pambali pake panali mawu amene Valdemar anadzilembera yekha, ndipo Rita anawawerenga mokweza:

"Awa ndi amayi. Uthenga wawo uzipita ola limodzi ena asanalandire. Amakonda kukauza anzawo kudimba ngati adziwa okha."

Amalume anakhosomola, nayang'ana kudenga.

Amayi anaseka kamodzi, misozi ili mbwembwembwe. "Wabodza ameneyo," anatero. Kenaka anagwira dzanja la Rita nalichotsa pa mabatani.