Mphuno ya ku Joni

Mphuno imene Enock Likaka ankayenda nayo pa esiteti ya labala sinali yobadwa nayo. Yobadwa nayoyo anaisiya ku Joni, pansi pa mgodi, tsiku limene payipi ya mphepo inaduka n'kumumenya kumaso. Ndipo tisanamizane, dziko silinataye chinthu chokongola. Inali mphuno ya kwa Likaka, ya ku Mulanje kuja, yotambalala kuchokera tsaya lino kukafika tsaya linalo. Anzake kusukulu ankati ikanunkhiza ndiwo fungo lonse limatha, ena n'kumadya zosakoma.

Madokotala a pamgodi anamulandira akupumira kukamwa ngati nsomba ya pamchenga. Anati mafupa aphwanyika, ndipo kuti apumenso bwino adula kafupa kofewa kunthiti kwake n'kumangira mphuno ina. Dokotala wachizungu, munthu wanthabwala, anafunsa kudzera mwa womasulira kuti akufuna yooneka bwanji. Enock, magazi ali chuchuchu, sanachedwe n'kuganiza. Analoza mphuno ya dokotalayo.

Atabwerako, kwawo sanakhalitseko. Bambo ake anali atamwalira kale, ndipo amalume ake ankangofunsa kuti yotsalayo azunguwo anapita nayo kuti. Atamva kuti kumpoto akufuna anthu ocheka mitengo ya labala, anakwera sitima ya panyanja n'kukatsikira ku Nkhata Bay, kumene kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa nkhope yake yakale. Pasanathe chaka anali kapitawo. Akafunsidwa za mphuno yosongokayo ankaigwira pang'ono n'kunena kuti agogo ake aamuna anali Mpwitikizi wa ku Milanje. Chipsera cha panthiti ankati ndi mpeni wa atsotsi amene analimbana nawo yekha, ndipo atsotsiwo ankachuluka malinga ndi mowa umene wamwa.

Ndi mphuno yomweyo anakafunsira Esnart NyaLongwe wa ku Sanga. Bambo a mtsikanayo ankakayika kupereka mwana kwa mlendo wosadziwa n'kudya komwe kondowole, koma azakhali atamuona anasungunuka. Atonga ndi anthu odziwa kutchena, ndipo chinthu chowongoka bwino amachipatsa ulemu, kaya ndi mzere wa buluku, kaya ndi mphuno. Esnart mwiniwakeyo anamukonda chifukwa chomuseketsa, koma zimenezo palibe anamufunsa.

Pathupi patakula, anyamata a yufi anamuimitsa pamsika wa Mpamba n'kumugulitsa makhadi awiri a chipani, lake ndi la amene anali m'mimbayo. Motero mwanayo anali membala asanaone dzuwa. Anabadwira kwa agogo ake ku Sanga, mnyamata wonenepa bwino, wolira ngati wakwiya ndi winawake.

Mwana akatuluka m'chikuta, akuchimuna amabwera kudzamuona, n'kumamusanthula chiwalo ndi chiwalo kufuna chizindikiro cha kwawo. Enock analibe mbale kuno, choncho m'malo mwa alongo ake munabwera akazi a anzake a kukomboni, anthu a ku Dedza, Thyolo ndi kwina, amene za kwa Likaka sankazidziwa n'komwe. Anafunyulula mwanayo. Makutu anati ndi a mayi ake. Zala anati mwina. Atafika pamphuno, anangoyang'anana.

"Koma mwanayu apuma," anatero mayi Florence, akazi a wolondera, n'kumubwezera kwa mayi ake mwamsanga.

Enock anamuona madzulo a tsiku lomwelo ataweruka. Atavundukula kansaluko anaona nkhope yoidziwa. Anali bambo ake enieni, malemu Likaka, atabwerera ali kakhanda n'kumamuyang'ana ndi diso limodzi. Chikondi chinamugwira mpaka misozi inalengeza. Koma pambuyo pa chikondicho panabwera mantha, ndipo manthawo ndi amene anayankhula.

"Ana onse amabadwa choncho," anatero. "Iwongoka ikamakula."

Apongozi ake aakazi anayesetsa. M'mawa uliwonse ankawotha zala pamoto n'kumaumba kamphunoko, monga amachitira amayi kuti mwana akongole. Akachotsa dzanja, mphuno ija inkabwerera pamalo pake ngati labala wa kuesiteti. Inali ya kwa Likaka, yosamva zonena za anthu.

Tsoka lake, m'mudzimo munali munthu mmodzi wa mphuno yotero. Ameneyu anali Yotamu, msodzi wa usipa, yemwe anafunsirapo Esnart kale n'kukanidwa, ndipo pa nthawi ya pathupi anamupatsirako nsomba kangapo poti ankazilakalaka. Anthu sanafunenso umboni wina. Nkhani inayambira pachitsime, inadutsa pamathandala oyanikira usipa, n'kukafika kukomboni itavala kale nsapato. Yotamu naye sanathandize. Akamufunsa ankangoseka n'kumasoka ukonde wake, chifukwa chibadwire palibe anamuganizirapo kuti angabe mkazi wa kapitawo, ndipo ulemu woterewu sankafuna kuutaya msanga.

Esnart anaonda. Kudambo kovuula chinangwa anzake ankasiya nkhani iye akafika. Amayi a kutchalitchi anamutumizira uthenga woti bulauzi yoyera ya chigwirizano ayambe waipinda kufikira akulu a mpingo atamva nkhani yake, ndipo ubatizo wa mwana anauimitsa. Tsiku lina Enock atabwera ndi sopo ndi shuga, anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, maso ali psuu.

"Bambo a mwana, inu mukuti bwanji?" anafunsa Esnart.

"Ine sindinanene kanthu."

"N'zimene ndikufunsirazo. Anthu onse akunena. Inu nokha ndi amene simunanene kanthu."

Enock anayang'ana nsapato zake. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma anaona m'maganizo anyamata ake ocheka labala atafola m'mawa, aliyense akuyesetsa kubisa chiseko. Anaona azakhali aja, anaona Mpwitikizi wa ku Milanje akufa kachiwiri asanabadwe n'komwe. Anadziuza kuti mphekesera ndi mvula ya mphepo, siichedwa kukata. Anasiya sopo pakhonde n'kukwera njinga yake. Munthu ameneyu mkazi wake ankamukonda ndithu, koma ankadzimvera chisoni kwambiri iye mwini.

Mphekeserayo sinakate. Loweruka lina masana akulu a mpingo anakhala pansi m'katchalitchi ka m'mudzimo, mazenera atadzaza mitu ya anthu amene sanaitanidwe. Wotsogolera anali a Obed Mphande, mphunzitsi wopuma, atavala jekete ndi tayi ngakhale kunja kunkatentha moti abuluzi anabisala. Anayamba m'Chitonga, kenaka anatembenukira ku Chichewa kuti mkamwini amve.

Esnart anakana. Analumbira akulira kuti mwamuna wina samudziwa, moti amayi ena kunja anayang'ana kumbali. A Mphande anatembenukira kwa Enock.

"Ada Likaka, mwana uyu mukumuvomera?"

"Ine ndimvera zimene akuluakulu muone," anatero Enock, maso ali kudenga.

Anaitana Yotamu. Analowa atavala malaya obwereka, tsitsi atapesa ndi madzi. Sanavomere, komanso sanakane moti munthu n'kumva.

"Ine, ada, zambiri sindidziwa," anatero. "Kweni ngati a kapitawo mwanayu akuwalemera, ine manja ndili nawo. Usipa uliko. Dzina ndimupatsa la ada anga, akula ndi nkhafi m'manja."

Atatero anasendera kwa Esnart n'kutambasula manja kuti anyamule mwanayo. Enock anaona zala zakuda ndi phula la bwato zikuyandikira nkhope ya bambo ake imene inali pa mwanayo. Sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji.

"Musamugwire. Mwanayo ndi wanga. Mphunoyo ndi yanga."

A Mphande anatsitsa magalasi. Anayang'ana mphuno ya mwana, anayang'ana ya Enock, n'kuyang'ananso ya mwana.

"Ada Likaka, tonse pano maso tili nawo."

"Iyi ndi yopangitsa," anatero Enock akuloza nkhope yake. "Yanga yeniyeni ndi imene ili pamwanayo."

Palibe anamukhulupirira. Bodza analisamalira bwino zaka zonsezi moti tsopano linkaima lokha osamufunanso mwini wake. Mkulu wina anati ndi chifundo chabe, akufuna kubisa manyazi a mkazi wake. Wina anafunsa za agogo Achipwitikizi aja. Enock anavula jekete, anavula tayi, anakwinya malaya mpaka kukhwapa m'nyumba ya Mulungu, n'kuonetsa chipsera cha panthiti. Anafotokoza za payipi, za kafupa, za dokotala uja. Kenaka anagwada pamaso pa a Mphande n'kupenyetsa mphuno kudenga kuti aone pamene anasoka. Mkulu wa mpingo, munthu woti anaphunzitsa theka la mudziwo, anasuzumira m'mphuno za kapitawo nthawi yaitali, n'kuitana anzake kuti nawonso adzaone.

"Ulusi unadutsadi," anatero a Mphande potsiriza. Anapukuta magalasi pang'onopang'ono. "Chiuta anatenga nthiti ya Adamu n'kupanga mkazi. Inu mwatenga yanu n'kupanga mphuno. Aliyense ndi zofuna zake."

Kumazenera anthu anagwa nacho chiseko. Akulu a mpingo anayamba kutsutsana ngati pa tsiku la kuuka kwa akufa munthuyu adzauke ndi mphuno ya ku Mulanje kapena ya ku Joni, ndipo wina anati zitengera ngati angelo adzathe kutsika mumgodi. Yotamu anatuluka mwakachetechete atakhumudwa ngati munthu amene walandidwa cholowa. A Mphande anagogoda pathebulo n'kulengeza kuti NyaLongwe alibe mlandu, bulauzi yake avale, ndipo mwana abatizidwa Sabata likudzali.

Enock anatuluka thukuta lili kamukamu, koma mtima utapepuka. Kuseka amuseka, Lolemba kuntchito kukakhala zoopsa, komabe ankadziona ngati mwamuna amene wachita chinthu chachikulu. Anamupeza Esnart pansi pa mtengo wa mango akubereka mwana, mayi ake atamugwirira nsalu.

"Zatha, mayi a mwana," anatero akumwetulira. "Tiyeni kunyumba. Njinga ili apo."

Esnart anamanga mfundo ya nsalu pachifuwa, n'kuikokanso kuti ilimbe. Sankaliranso.

"Mukanandiuza tsiku loyamba lija, ndikanaseka mpaka kugwa, mawa lake n'kuiwala," anatero motsitsa mawu. "Ine sindinakwatiwe ndi mphuno."

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi anu ndinawasenza ndine. Ndinalira kuseri kwa nyumba, munasiya sopo. Ndalira m'tchalitchimu pamaso pa anthu onse, mumayang'ana kudenga. Pakamwa panu patseguka pamene Yotamu watambasula manja kwa mwana wanu." Anamuyang'ana m'maso, osati pamphuno monga ankachitira anthu onse tsikulo. "Mwanayu mwamuwombola, yewu, ndathokoza. Akanakhala kuti Yotamuyo sanafune mwana, anangofuna ine ndekha, bwenzi mukuyang'anabe kudenga."

Enock anapeza kuti yankho loona linali limodzi lokha, ndipo silinali lomuthandiza.

"Tiyeni, ama," anatero Esnart kwa mayi ake.

Analowera njira ya kwawo yodutsa m'minda ya chinangwa. Mwana kumsana anatembenuza mutu, tsaya lili pamsana pa mayi ake, n'kugona. Enock anakankha njinga yake pambuyo pawo, patali pang'ono, ndipo palibe amene anacheuka kumuuza kuti afulumire kapena abwerere.