Mizere ya Choko pa Malaya Oyera

Lamba wa Masita anafika pa tebulo la telala Lachiwiri madzulo. Anabwera naye mwana wamkazi wa telalayo, atamupinda bwino n'kumunyamula ndi manja awiri ngati dzira. Masita anali mphunzitsi wa sukulu ya masewera odziteteza kumene mtsikanayo ankapita Lolemba ndi Lachinayi lililonse, ndipo ankapempha kuti amusokerere kansalu ka dzina kamene kanayamba kusomphoka kumapeto kwa lambayo. Mtsikanayo anauza bambo ake kuti asamale, chifukwa lambayo anali ndi zaka makumi awiri ndipo anachokera kutsidya kwa nyanja.

Telala anavala magalasi n'kuyandikira pa zenera. Anali atagwira nsalu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti chovala chimatha pamene mwini wake amachivutitsa. Thalauza imayamba pa maondo, malaya amayamba pa kolala. Lamba womangidwa tsiku ndi tsiku amaperepeseka pa mfundo, ndipo thukuta limamufewetsa mpaka kugona m'manja ngati chingwe chakale. Uyu anali wosuluka mofanana kuyambira kuno mpaka uko, ngakhale malo amene mfundo sifikako, koma anali wouma gwaa ngati wangotuluka m'sitolo. Mikwingwirima yake yonse inaloza mbali imodzi. Atatsegula msoko ndi chikhadabo anapeza m'kati muli bii, ndi timchenga tating'ono titakakamira pa ulusi.

Anasoka kansaluko ndi ulusi wakuda, n'kuuza mwana wake kuti akampatsa yekha mwini wake Lachinayi.

M'mawa mwake anaonetsa lambayo kwa wokonza nsapato, amene ankagawana naye khonde la shopu. Uyo anangomusisita ndi chala chachikulu n'kuseka.

"Uyu wakalamba Loweruka limodzi, achimwene," anatero. "Wapalidwa ndi sandipepa ngati wanga uja ndimapalira zidendene. Akanabwera kwa ine ndikanamuonjezera zaka zina khumi."

Telala sanaseke nawo. Miyezi isanu m'mbuyomo, mwana wake akupita ku bekale kumene ankagwira ntchito, munthu wina anamuimitsa panjira yachidule ya kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Kunali kutacha kale, anthu akuyenda pamsewu waukulu. Munthuyo anatenga foni ndi chikwama, ndipo mtsikanayo atayesa kukoka chikwamacho anamucheka pa mkono ndi mpeni. Kuchipatala anamusoka kasanu ndi kawiri. Chilonda chinapola msanga, koma iye anakhala m'nyumba milungu isanu ndi umodzi osatuluka, akudzidzimuka ngakhale supuni ikagwa. Mnzake wina ndiye anamutengera kwa Masita. Kuyambira pamenepo anayambanso kudya, kuimba posamba, kenako anabwerera ku ntchito.

Zonsezo telala ankaziyamikira. Chimene chinkamusowetsa tulo n'chakuti sabata yathayo mwanayo ananena patebulo, akumwetulira, kuti wayambanso kudzera njira yachidule ija. Masita anali atawaphunzitsa kuti mpeni si kanthu ukadziwa pogwira, ndipo iye ankati akadzakumananso ndi munthu uja, adzamulanda mpeniwo n'kumugoneka pansi.

Telala atauza mkazi wake za lambayo, mayiyo sanasiye n'komwe kupukuta mbale. Anamufunsa ngati lamba ndi amene anatulutsa mwana m'chipinda. Anamukumbutsa kuti iye mwini, ndi nzeru zake zonse za nsalu, anakhala milungu isanu ndi umodzi akungogogoda pachitseko n'kumabwerera.

"Mwana akudya, abambo ake," anatero. "Kaya munthuyo anapala lamba, kaya anamutola padzala, mwana akudya. Musakayambe zanu zija."

Lachinayi telala anatseka shopu msanga. Sukuluyo inali m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa malo omatira matayala, ndipo fungo la labala linkakwera nawe masitepe. Pansi anayalapo matiresi akale okutidwa ndi lona. Kukhoma kunali galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi masatifiketi asanu ndi limodzi m'mafelemu. Telala anawawerenga onse mosafulumira. Mayina a mabungwe anali osiyana, mayiko osiyana, koma dzanja losayina pansi linali limodzi, ndi kamchira komweko kokhotera m'mwamba.

Masita anali munthu wa thupi labwino, wa mawu okoma, wodziwa kulandira mlendo. Anagwira telala dzanja ndi manja awiri, nayamikira kasokedwe kake, n'kumanga lambayo pomwepo. Telala anamufunsa mwaulemu kuti anaphunzira kuti. Anayankha kuti m'mayiko ambiri. Atamufunsa dzina la mphunzitsi wake, anati anali ambiri, ena a iwo asilikali amene mayina awo satchulidwa. Atamufunsa bungwe limene limayendera sukuluyo, anaseka n'kunena kuti bungwelo analiyambitsa yekha, chifukwa enawo ndi a nsanje.

Telala anakhala pa benchi n'kuonera. Ophunzira anali ngati makumi awiri, ambiri a iwo atsikana. Anaima awiriawiri, wina atagwira mpeni wa labala. Wogwira mpeniyo ankaponda kamodzi, n'kutambasula mkono, n'kuusiya m'malere osaugwedeza. Telala anauzindikira mkono umenewo. Ndi mmene kasitomala amaimira pomuyeza mkono wa jekete. Mnzakeyo ndiye ankaugwira, kuupinda, kuzungulira, kutchera mwendo, ndipo wa mpeniyo ankagwa bwinobwino pa matiresi, nthawi zina asanamukhudze n'komwe.

Panali mayi wina watsopano, wonenepa, amene anabweza mkono wake msanga n'kubaya mnzake kawiri pamimba. Masita anaimitsa onse. Anamuuza mayiyo, pamaso pa gulu, kuti waukira molakwika ndipo akuononga phunziro la mnzake. Mayiyo anapepesa, n'kutambasula mkono monga anzake.

Kenako inafika nthawi ya mwana wa telala. Anagwetsa anthu atatu motsatizana, anzake akuwomba m'manja, ndipo anacheukira kubenchi nkhope ili ngwee. Telala anali asanamuone akuoneka chonchi chichitikireni ngozi ija, ndipo anawomba nawo m'manja. Masita anabwera kudzamuuza kuti mwanayo ndi woposa onse, ndipo mwezi wamawa ayamba kuphunzitsa atsikana atsopano. Telala anapempha kuti amubwereke mpeni wa labalawo ayese kumubaya iye Masita mwini, kamodzi kokha, mmene angafunire.

"Ayi, madala," anatero Masita akumusisita paphewa. "Manja angawa ndi oopsa. Ndingakuthyoleni, ndiye atisokera ndani?"

Ophunzira anaseka, mwana wa telala nayenso.

Masiku awiri telala anangokhala nazo mumtima. Anadula thalauza ya kasitomala mwendo umodzi wofupika, chinthu chimene anali asanachite chiyambire. Ankadziwa kuti akamuuza mwanayo za sandipepa ndi za dzanja losayina, adzamuyankha kuti ndi nsanje, monga Masita anawakonzeratu. Ankadziwanso kuti Lolemba m'mawa mwanayo adzakhota pa ngodya ya nyumba zosungiramo katundu, ali ndi mtima wofuna kugwira dzanja la munthu wa mpeni weniweni.

Loweruka masana mtsikanayo anadzera kushopu pochokera ku ntchito, akadali m'malaya ake oyera a ku bekale. Telala anatenga choko cha buluu, chimene ankalembera pa nsalu asanadule, n'kumuitanira kukabwalo ka kuseri kumene ankayanika nsalu.

"Mayi, tandionetsani zija," anatero. "Mpeni wanga ndi uwu."

Mwanayo anakondwa. Anamuimika bwino, anamuuza mwendo woti aponde, anamukonzera chigongono. Telala anatambasula mkono monga anauzidwa, ndipo mtsikanayo anaupinda mpaka phewa linalira, choko n'kugwa. Anaseka, n'kufunsa ngati wawapweteka. Telala anatola choko chija. Anamuuza kuti tsopano achitanso, koma iye sakhala bambo ake, akhala munthu uja.

Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi bondo lovuta, ndipo anali asanamenyanepo ndi munthu chikulireni. Anangogwira mkono wa malaya ndi dzanja lamanzere, n'kumukokera pafupi, n'kuyamba kulemba ndi lamanja, msangamsanga, akubweza dzanja nthawi iliyonse. Mtsikanayo anasakasaka dzanja loti agwire koma silinaime. Kenako anasiya kusaka. Anauma thupi lonse, manja atawakweza kumaso, akupuma ngati akumira.

Telala anamusiya. Sipanathe nthawi yoti munthu awerenge mpaka khumi. Pa malaya oyera panali mizere isanu ndi inayi ya buluu: itatu m'nthiti, inayi pamimba, umodzi pachifuwa, ndi umodzi pa kolala, pansi penipeni pa khutu.

Mwanayo anayang'ana malayawo nthawi yaitali.

"Mwaukira molakwika, bambo," anatero ndi mawu aang'ono.

"Eya, mayi. Nayenso uja adzaukira molakwika."

Telala anali atakonza zambiri zoti anene pambuyo pake, zoti chikwama ndi chinthu chogula, zoti kuthawa si manyazi. Koma mtsikanayo anakweza maso n'kumuyang'ana, ndipo telala anaona kuti sakuyang'ana bambo ake. Mwanayo anabwerera cham'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, n'kutuluka pakhomo la kuseri osatenga chikwama chake.

Madzulo mkazi wake anachapa malayawo yekha. Choko chinachoka ndi madzi oyamba. Atayanika, anabwera kudzaima pakhomo la chipinda n'kuuza mwamuna wake kuti wakuba uja anali mlendo, sankamudziwa mwanayo, koma iye anamugwira pa mkono womwewo wa chipsera. Telala anali asanazindikire zimenezo. Anayang'ana dzanja lake lamanzere, n'kuliika pa bondo.

Lolemba mtsikanayo sanapite kwa Masita, ndipo sanapitenso konse. Njira yachidule anaisiya. Zimene telala ankafuna zinachitika zonse. Ku ntchito mwanayo ankapitabe, koma anapempha mayi ake kuti azimuperekeza mpaka pokwerera basi, ndipo ananena momveka kuti mayi ake okha. M'nyumba ankayankha bambo ake mwaulemu. Akakumana m'kanjira kopita kubafa, ankadziphatika kukhoma mpaka adutse.

Telala anayamba kufunsafunsa. Patapita milungu iwiri anapeza holo ina kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene mayi wina wa imvi, amene kale ankamenya nkhonya, ankaphunzitsa azimayi. Kukhoma kunalibe satifiketi, koma mayiyo anatchula yekha amene anamuphunzitsa n'kupereka nambala yake kuti amufunse. Ophunzira ankavala zodzitchinjiriza kumutu, ankakanikizana zenizeni, ndipo ambiri ankalephera n'kuyambiranso. Telala atafunsa za mpeni, mayiyo anati phunziro lake ndi lalifupi: umaponya chikwama uko, iwe n'kuthawira uku, ukukuwa. Anati aliyense wolonjeza zoposa pamenepo asamukhulupirire.

Telala analemba malowo pa kapepala n'kukaika pafupi ndi mbale ya mwana wake. Mtsikanayo anawerenga, anakapinda kawiri, n'kukabweza mbali ya bambo ake.

"Zikomo, bambo. Koma mwandiphunzitsa kale. Ndikudziwa tsopano kuti sindingathe."

Anamuuza kuti si zimene ankatanthauza. Mwanayo anavomera kuti akudziwa, n'kupitiriza kudya.

Pamwamba pa malo omatira matayala anakhomapo chikwangwani chatsopano, chachikulu kuposa chakale. Wokonza nsapato, amene ankamva zonse za m'tauni, anati atsikana atsopano akuphunzitsidwa ndi mnzake uja wa mwanayo, ndipo Masita akuuza anthu kuti wophunzira wake wabwino anamuletsa ndi bambo wansanje. Telala anakaima tsiku lina pansi pa masitepe n'kuyesa kulankhula ndi mayi wina amene ankadikira mwana wake. Mayiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumufunsa kuti iye ali ndi lamba wa mtundu wanji.

M'mawa uliwonse mayi ndi mwana ankatuluka limodzi, kudzera msewu waukulu, atakolana mikono. Telala ankadikira kuti chipata chitsekeke, n'kuvala jekete, n'kuwatsatira patali, chifukwa mkazi wake nayenso sakanatha kuimitsa munthu wa mpeni. Bondo linkamuvuta pa chitunda. Akayandikira pokwerera basi ankaima kuseri kwa mpanda wa sitolo ya mankhwala, pamene mwanayo sakanamuona akacheuka, ndipo mwanayo ankacheuka kawirikawiri. Basi ikanyamuka, ankadikiranso kuti mkazi wake adutse, kenako ankapita kukatsegula shopu.