Kabati ya Malemu Nagai

Amuna awiri anali kulowetsa katoni yaikulu pakhomo pamene William Nagai anauza Anastazia kuti kabati ya bambo ake ichoke pabalaza. Ananena ali chiimire, nsapato zake zikudontheza matope pomwe Anastazia anali atangokolopa kumene.

M'katonimo munali wailesi yakanema yatsopano yochokera ku Japan. Kabatiyo inali yaing'ono, yakuda, ya zitseko ziwiri. M'kati mwake munali chithunzi cha malemu Bambo Nagai, kathabwa ka dzina lawo, kabelu ndi kambale. M'mawa uliwonse Mayi Nagai, nkhalamba imene Anastazia analembedwa ntchito yoisamala, ankagwada pamenepo. Ankaika mpunga woyamba kuomoledwa, khofi ndi donati, poti malemuwo ankakonda madonati a ku Toronto. Ankaliza kabeluko n'kuyamba kuwauza amuna awo nkhani m'Chijapani.

William anati Lachinayi akapita ndi amayi ake kuchipatala, Anastazia atsitsire kabatiyo kuzipinda zosungiramo katundu, pansi pa nyumba yonse yosanjikizanayo. Anati mkazi wake Bertha, mzungu, watopa ndi fungo la lubani, ndipo alendo akuntchito amafunsa mafunso.

"Amayi akudziwa?" anafunsa Anastazia.

"Adzazolowera. Wailesiyinso ndi ya kwawo komweko."

Kenaka, ngati wangokumbukira, anatchula pemiti ya ntchito ya Anastazia. Inali kutha kumapeto kwa mwezi umenewo, Febuluwale wa 1977. Papepalapo panali dzina la William. Popanda siginecha yake Anastazia sakanatsuka ngakhale kapu m'nyumba ina iliyonse ku Canada.

Ntchito yotulutsa katundu wa mkazi wamasiye Anastazia ankaidziwa bwino. Amuna ake a Yotamu atamwalira ku Limbe, abale awo sanadikire n'kumeta komwe. Anatenga njinga, makina osokera, bedi, mpaka mipando. Abambo a m'banjamo sanagwire kanthu ndi manja awo. Anatuma mlamu wake wamkazi, ndipo ankanyamula akulira, koma ankanyamulabe. Kumeneko n'kumene Anastazia akanabwerera, kopanda nyumba. Ku Canada anabwera ndi banja la amishoni ngati wolera ana, anawo n'kukula, iye n'kutsala.

Masana anaimbira foni Hilda, namwino wa ku Zomba amene ankagwira ntchito ku Hamilton.

"Amayi, musachite zibwana," anatero Hilda. "Akapanda kusaina akudipotani, mubwerera kumudzi. Komanso inu Mkhristu mukulimbana ndi zamizimu bwanji?"

"Mizimu yake yodya madonati? Iwe Hilda, sukulu yonse ija sunamuonepo mkazi akulankhula ndi mwamuna wake?"

Hilda anaseka, koma anabwereza mawu ake omwewo: atsitse kabatiyo, atseke pakamwa.

Lachitatu Anastazia akuwapesa tsitsi, Mayi Nagai anamugwira dzanja. Anali ataiona katoni ija, sanali mwana. M'Chingerezi chawo chodukaduka, chonga cha Anastazia yemwe, anafotokoza kuti pankhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la Canada linawalanda nyumba ndi bwato poti anali Ajapani, n'kuwatsekera m'misasa ya kumapiri. Kabatiyo anaikhoma amuna awo komweko ndi matabwa a mabokosi a maapulo. William anali wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchokera pamenepo anakana kulankhula Chijapani.

"Ana-san," anatero, poti dzina lonse linkawakanika, "pansi ayi. Anthu onse adzayenda pamutu pake."

Iwo ankakhala pansanjika ya pamwamba penipeni. Kumutu kwa malemuwo kunali denga basi.

Lachinayi galimoto itachoka, Anastazia anatseka tizitseko, anakulunga kabatiyo m'chitenje n'kuinyamula. Inali yopepuka, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri. Anafika pachikepe, chinatseguka, anachiyang'ana mpaka chinadzitseka chokha. Anabwerera.

Kachipinda kake kanali kuseri kwa khitchini: bedi, katebulo, sutikesi. M'nyumba yonseyo, ngakhale m'dera lawo lonse la North York, chitseko chimenecho chokha ndi chimene ankatha kutseka osapempha munthu. Anachotsa Baibulo ndi mafuta odzola pakatebulo, anapukuta, n'kuikapo kabatiyo.

William atabwera anapeza wailesi ili pamalo pake ndipo anakondwa. Koma amayi ake sanalire, ndipo iye anadabwa. Anafunsa kiyi wa chipinda chapansi chija. Anastazia anamupatsa, n'kumutsegulira chitseko cha kachipinda kake.

"Ndinati pansi," anatero William.

"Munati ichoke pabalaza, bwana. Yachoka. Mukafuna ipite pansi, manja muli nawo. Bambo anu ndi awa, anyamuleni."

William anaima pakhomopo nthawi yaitali. Sanalowe. Nkhope ya pachithunzipo inali yake yomwe, kungoti yokalamba. Anastazia sanasunthe.

Pepala la pemiti William anasaina Loweruka, la chaka chimodzi chokha. Anaika malamulo ake. Kabatiyo isatulukenso m'chipindamo. Lubani akayaka, zenera litsegulidwe, kaya kunja kukuzizira bwanji. Bertha akadzangomva fungo kamodzi, nkhani ya pemiti idzayambiranso. Anastazia anavomera zonse. Akanakana n'chiyani?

M'mawa mwake, isanakwane sikisi koloko, kunamveka kugogoda. Mayi Nagai anali pakhomo ndi thireyi m'manja. Anamuweramira Anastazia kwambiri, mutu kufika pafupi ndi mpungawo, n'kulowa. Anatsegula zenera monga analamulira mwana wawo, mphepo ya chisanu n'kugwera pabedi. Kenaka anatseka chitseko.

Anastazia anatsala panja, chitenje chili m'chifuwa, mapazi ali pasimenti. Pabalaza sankaloledwa kukhala banja lisanadzuke. Kabelu kanalira m'katimo, ndipo nkhalambayo inayamba kulankhula, pang'onopang'ono, ngati munthu amene ali ndi zambiri zoti anene. Anastazia anatsamira khoma n'kudikira kuti amalize.